Chingwe cha pamphuno

Bambo a mwana wanga atamwalira, abale awo anabwera kuchokera kwa Kuntumanji kudzatenga katundu. Anatenga khoka, njinga, nsapato ndi wailesi. Galu wa malemuyo anamumanga ndi luzi n'kupita naye, koma patatha masiku awiri ndinamupeza atagona pakhonde, luzi lodukalo lili m'khosi. Sanabwerenso kudzamutenga. Ine sindinakondwe, komanso sindinadandaule. Ndinangomuponyera mkute.

Masiku amenewo zinthu ndinkangozichita. Mwana anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Ndinkamuyamwitsa, kumusambitsa, kumubereka, kupita kumunda kukaingitsa mbalame pampunga, kubwerako. Munthu akandilankhula ndinkayankha bwinobwino, mpaka ena kutchalitchi ankati ndine wolimba mtima. Sikunali kulimba ayi. Zinali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, ukauponda pansi sukumva kuti waponda.

Galuyo anali wamkulu, wofiirira, khutu limodzi long'ambika. Dzina anali nalo, koma ankamuitana ndi mwini wake, ndipo ine pakamwa panga silinkatuluka. M'mawa uliwonse ankathamangira kudoko kumene ankaperekeza mbuye wake polowa m'nyanja ya Chilwa. Ankakhala pamatope pafupi ndi njedza, udzu wautali wa m'mbali mwa nyanja, mpaka mabwato onse atabwerako, ndiye n'kubwerera kunyumba.

Mpunga utayamba kucha, kunamveka kuti galu wachiwewe waluma anthu m'mudzi wina kumtunda. Lamulungu mapemphero atatha anawerenga kalata ya a zaziweto. Inati agalu onse amangidwe, ndipo pakatha masabata awiri akabayidwe katemera kudibi, kosambitsira ng'ombe. Galu wopezeka akuyendayenda wopanda chizindikiro cha katemera adzawomberedwa. Nthawi imeneyo kalata ya boma sinkafunsidwa kawiri. Ine ndinamva, ndinasuntha mwana kuchoka bere ili kupita linali, n'kuganiza kuti galu uja ndiye wafa basi. Kudibi kunali kutali, ulendo wa m'mawa wonse, ndipo njira yake inkadutsa pamphambano yopita kudoko. Wondipitira naye panalibe, poti galuyo sankalola munthu wina kumugwira.

Mawa lake ndinayesa. Ndinamumanga chingwe cha khonje m'khosi, mwana kumsana, kuti tiyendeko pang'ono. Sitinapite patali. Anakoka mpaka lilime linatuluka, akutsokomola ngati watsamwa ndi munga wa mlamba, koma osaleka. Pamphambano paja anadumpha, ine n'kugwa chogwada. Mutu wa mwana unagunda msana wanga, iye n'kuyamba kulira. Chingwe chinandisupula m'manja monse. Ndinayang'ana magaziwo kanthawi, kenako ndinadzuka.

Atsibweni anga, achimwene awo a amayi, ankabwera ndi ngolo yawo kuchokera kudambo ndipo anaona zonse. Anaimitsa ng'ombe.

"Mphwanga, ukanamangirira pulawo kumbuyoko, bwenzi munda wonse mutagaula."

Sindinaseke. Anatsika, anandigwira dzanja n'kuliyang'ana, nthabwala zinathera pompo. Anati mphamvu ya galu ili m'khosi ndi pachifuwa, chimodzimodzi thole, ng'ombe yaing'ono, ndiye ukamanga pamenepo wampatsa goli loti akokere. Anati iwo thole louma mutu salimbana nalo pakhosi, amaligwira mutu, chifukwa kumene kwaloza mphuno miyendo imatsata komweko.

Madzulo anabwera kunyumba. Patsindwi panali kachingwe kofewa kotsala ku khoka lija, ndipo anakadula pawiri. Kena anakazunguliza pamphuno ya galu, m'munsi mwa maso, kena kuseri kwa makutu, n'kutilumikiza ndi mfundo pansi pa chibwano. Chingwe chogwirira chinachokera pamfundo imeneyo. Cha kuseri kwa makutu anachimanga chogwira ndithu kuti chisavuke, koma cha pamphuno anandilowetsamo zala ziwiri kuti ndione mpata wake. Anati galu azitha kuyasamula, kumwa madzi ndi kutulutsa lilime kukatentha. Anandiuzanso kuti ndisadzayerekeze kukoka modzidzimutsa, ndingamuthyole khosi. Iye akakoka, ine ndingoima. Ine ndinaona kuti kachingweko kadzamudya pamphuno, ndiye ndinang'amba thewera lakale n'kukulungiza pamenepo.

Tsiku loyamba galu anagubuduka pafumbi, akupalasa ndi miyendo yakutsogolo, akukhutiza mphuno pamtengo wa mango. Ndinamusiya atope, kenako ndinamuvula. Kuyambira pamenepo ndinkamuveka nthawi ya chakudya yokha. Ndikamuveka, mbale pansi. Akamaliza, ndamuvula. Pofika tsiku lachinayi ankalowetsa yekha mphuno akaona mbale.

Ndiye tinayamba kuyenda, kuzungulira nyumba, kenako mpaka pachitsime. Ndinkamanga matemba ouma pansonga ya chitenje. Akathamangira kutsogolo, chingwe chinkamutembenuza mutu n'kupezeka akuyang'ana ine. Ndinkaima phee. Chingwe chikalendewera ndinkamupatsa katemba kamodzi, n'kupitiriza. Tsiku lina kuchoka pakhomo kufika pachitsime tinaima mwina makumi atatu. Amayi anzanga ankaseka atasenza ndowa, ena ankati ndagula mbuzi youwa, ena ankanong'onezana kuti imfa ija yandisokoneza mutu. Ndinkawamva. Kudikira sikunkandivuta, chifukwa kunalibe kumene ndinkathamangira.

Chovuta chinali pamphambano. Pamenepo matemba sankawaona n'komwe. Ankakoka, mutu n'kutembenuka, n'kukokanso, akulira chapansipansi. Ine ndinkaima n'kumayang'ana zala za kumapazi kwanga. Masiku asanu tinkafika pamenepo n'kubwerera. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anakhala pansi yekha, tinadutsa.

Tsiku la katemera ndinanyamuka dzuwa likutuluka. Ndinatenga madzi m'botolo, kachitini, matemba, ndi kadi ya chipani, poti popanda iyo sunkadziwa pamene angakubweze. Galu anayenda pambali panga njira yonse. Tinaima kanayi basi.

Kudibi kunali phokoso. Amuna anali ndi agalu awo pa zingwe za m'khosi, ena pa mawaya, agalu akulumana, eni ake akutukwanizana. Pansi pa mtengo panakhala bambo wina ndi mfuti pamiyendo, akudya nzimbe. Ndinaima kumapeto kwa mzere, galu n'kukhala pansi pafupi ndi phazi langa.

Bambo amene anali kutsogolo kwanga anacheuka, anayang'ana galu, n'kukokera wake kutali. Kwathu galu sankamangidwa kumutu pokhapokha ngati wayamba kuluma anthu. Anauza mnzake, mnzakeyo anauza wina, ndipo posakhalitsa ndinatsala ndekha pakati, anthu atandizungulira chapatali. Ankati galu womangidwa pakamwa ndi wodwala, komanso onani mmene wakhalira chete, agalu abwinobwino sakhala choncho pagulu. Wina anatola chibonga. Bambo wa mfuti uja anataya nzimbe n'kuimirira.

Ndikukumbuka kuti mtima sunagunde. Ndinangomva kumsana kukufunda, mwana atakodza, n'kuganiza kuti thewera lina ndaiwala kunyumba.

Wobaya katemera anabwera, jekeseni ili m'manja.

"Mayi, galuyu mwamumangiranji pakamwa? Waluma munthu?"

"Si pakamwa, bambo, ndi pamphuno. Amakoka, ndiye ine ndili ndi mwana."

"Mwini wake ali kuti?"

"Anamwalira."

 Wa chibonga uja anamuuza kuti asanamizidwe, galu wachiwewe samwa madzi, amupatse madzi aone. Ndinagwada, ndinathira madzi m'kachitini. Galu anandiyang'ana kaye, kenako anamwa onse, chingwe chili pamphuno pomwepo, n'kunyambita kachitiniko mpaka kanagubuduka. Atatha anayasamula, mano onse poyera.

Wobaya uja anagwada, analowetsa zala pansi pa kachingwe, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa. Anafunsa amene anandiphunzitsa, ndinati atsibweni anga a ngolo. Anandiuza ndimugwire mutu. Ndinangokweza chingwe pang'ono, ndipo jekeseni inalowa galu asanadziwe. Anamupaka utoto wobiriwira pamphumi, n'kundipatsa kapepala. Agalu enawo ankawagwira amuna awiriawiri. Wa chibonga uja anati ndiye chaka chamawa ndidzamumangirire ngolo azidzanyamula mpunga, ndipo anthu anaseka. Wa mfuti anatola nzimbe yake n'kuipukuta pa kabudula.

Pobwerera dzuwa linali litatentha kwambiri. Ndinayamwitsa mwana pansi pa mtengo, galu atagona pamthunzi wanga, n'kupitiriza. Titafika pamphambano mphepo inkachokera kunyanja, ili ndi fungo la matope ndi nsomba zoyanika. Galu anakweza mphuno, ananunkhiza, koma chingwe chinali cholendewera. Amene anaima ndine. Kuchokera pamenepo nsonga za njedza zimaoneka, ndipo ndinali ndisanapiteko kudoko chimwalirireni bambo a mwana. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji.

Galu anakhala pansi n'kumandiyang'ana, monga ndinamuphunzitsira kuti ine ndikaima aziyang'ana ine. Ndinamasula nsonga ya chitenje. Munatsala katemba kamodzi kothyoka. Ndinamupatsa, tinapita kunyumba.

Ndinamuvula cha pamphuno, ndinamumanga pamtengo wa mango ndi chingwe chachitali, n'kukachapa chitenje chija. Kapepala ndinakaika m'buku la nyimbo. Sabata yotsatira mfuti inalira kangapo cha kudoko, m'mawa, ine ndikupeta mpunga. Galu anadzuka, anatchera khutu lake long'ambika lija, kenako anagonanso. Utoto uja unakhala pamphumi pake mpaka titamaliza kukolola.