Mowa wa atate mu saluni yanga

Atate, lero kwabwera wopenta kudzakonza chikwangwani cha saluni yanga kuno ku Katondo, m'tauni ya Kabwe, ndipo mwandiseketsa ngakhale munatisiya. Mukukumbukira tsiku lomwe ndinatsegula? Munafika pa njinga kuchokera ku Kasanda, fumbi mpaka m'nsidze. Munawerenga mawu akuti "Hair Saloon" n'kupukusa mutu. "Mwanawe, salon ndi kokonzera tsitsi. Saloon ndi komwera mowa. Funsa aliyense amene anagwirapo ntchito pa mgodi." Ine ndinati, "Atate, Kabwe yense amalemba choncho." Simunatsutse. Munangolowa, kukhala pakati pa azimayi olukitsa tsitsi, kuvula chipewa, dazi lili poyera, n'kukuwa kuti, "Mowa wozizira umodzi kuno!" Azimayi aja anaseka mpaka misozi. Ine manyazi atandigwira, ndinathamanga kukakugulirani botolo kuti mwina mukhale chete.

Munalumbira kuti muzibwera Loweruka lililonse mpaka nditachotsa O mmodziyo. Ine ndi makani anga otengera kwa inu, sindinachotse. Nanunso simunaphonye. Zaka zonsezo munkamwa botolo lanu mutakhala pansi pa chowumitsira tsitsi, inu wopanda ndi tsitsi limodzi lomwe, uku mukumvetsera miseche ya tauni yonse. Lero wopenta uja wandifunsa kuti, "Amayi, O uyu ndi wolakwika, ndimufufute?" Ndamuuza kuti, "Ameneyo musamukhudze, ndi wa atate." Mawa ndi Loweruka, atate. Mpando wanu sindikhazikapo munthu.