Ndinamuchotsa mnansi wanga mu Afirika

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kutaya mnansi wabwino chifukwa cha pakamwa panga.

M'nyumba yosanjikizana imene timakhala ku Shawlands kuno ku Ulaya, pamwamba pathu pali a Yasini, munthu wa ku Algeria amene amaphika buledi m'tauni. Takhala limodzi zaka zinayi. Tikapita ku Malawi, makiyi timasiyira iwowo.

Tsikulo ndinawapeza akukolopa masitepe, poti linali tsiku lawo lokolopa, ine nditanyamula ng'oma ndi mbendera. Atandifunsa, ndinawauza kuti Loweruka kuli chikondwerero cha chikhalidwe cha Afirika ku holo ya tchalitchi chathu. Anasangalala n'kunena kuti nawonso abwera, ndipo akazi awo aphika kusikusi, chakudya chakwawo cha timibulu ta tirigu.

Ine, munthu wophunzira bwinobwino, ndinayankha kuti, "Pepani bambo, n'za Aafirika okhaokha."

Anaika chokolopera pansi.

"Dziko langa ndi lalikulu kuposa onse mu Afirika," anatero mofatsa. "Mwalisowa bwanji pa mapu?"

Anakwera kwawo masitepe asanamalize. Nditawafotokozera mayi a kunyumba, sanandisiyire mpata. Akuti digiri yonse ija ndinangopita kukadya mpunga ku yunivesite. Anakazinga mandasi, kundipatsira m'manja, n'kunditsegulira chitseko okha. Ndinakwera mtima uli m'mwamba, chifukwa ndinkaona kuti ubale watha.

A Yasini anandilandira ndi tiyi wowawa, kenaka phunziro. Afalansa analamulira dziko lawo zaka zoposa zana ndi makumi atatu, ndipo ufulu unabwera ndi magazi mu 1962, ife tisanalandire wathu. Agogo awo anafera kumapiri pa nkhondoyo. Anandiuzanso kuti iwo si Mluya monga ndinkaganizira. Ndi a mtundu wa Amazighi, anthu amene analipo Aluya asanafike, ndipo chiyankhulo chawo chinakhala zaka zambiri chisakuloledwa m'kalasi. Apa ndinakumbukira anzanga akumpoto kwathu ku Malawi, amene nawonso chiyankhulo chawo chinachotsedwa m'kalasi ndi pa wailesi.

Nanga lero? Akuti pansi pali mafuta ndi gasi, koma pamwamba achinyamata a madigiri amangoswera atatsamira zipupa. Kumudzi kwawo madzi a pampopi amatuluka tsiku limene afuna. Mwana wa mchemwali wawo akungolota zokwera kaboti kupita ku Ulaya, ndipo mayi ake tulo sakuona.

Ndinaseka ngakhale sinali nkhani yoseketsa. Ndinawauza kuti akangochotsapo nyanja n'kuikapo basi ya ku Joni, ndiye kuti akunena za kwathu ku Ndirande.

Abale anzanga, tiyeni tivomereze. Mzungu akatifunsa ngati timayankhula Chiafirika, timakwiya mpaka kukanena ku gulu la pafoni. Koma ifeyo Afirika wathu amathera pati? Pa Kenya. Tikawonjezera kwambiri, pa Nigeria chifukwa cha mafilimu. Kupitirira chipululu cha Sahara, onse timangoti ndi Aluya, n'kuwasenzetsa mlandu wa akapolo a ku Nkhotakota, pomwe ogula akapolo aja anachokera kunyanja ya kummawa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndadya lambiri.

Sindikuti kumpoto kwa Afirika kuli angelo. A Yasini anavomera okha kuti kwawonso alipo amene amati "ndikupita ku Afirika" akamapita ku Mali, ndipo munthu wakuda amaona zokhoma kwawoko. Ndiye kuti umbuli tinagawana mofanana, ngati ndiwo za pamaliro.

Loweruka a Yasini anabwera, iwo ndi akazi awo ndi mphika wofuna anthu awiri kuunyamula. Mtima wanga unakhala pansi. Kusikusi anatha mpunga usanafike pakati, ndipo amayi a Mvano anazungulira akazi a Yasini kufunsa kaphikidwe kake.

Kenaka anafika mkulu wina wa mpingo, munthu waulemu wake, mbale ili m'manja. Anagwira a Yasini chanza ndi manja awiri n'kuwathokoza kuti ngakhale ndi alendo, abwera kudzasangalala nafe.

"Kodi inuyo," anafunsa mokoma mtima, "munayamba mwafikako ku Afirika?"

A Yasini anatembenukira kwa ine akumwetulira, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, kalasi ndi iyi."

Ndinakoka mpando n'kuwauza akuluwo kuti ayambe akhala pansi, nkhaniyi ndi yaitali.