Mwendo wa Buluku

Mpingo umene unatilandira ine ndi achemwali anga titangofika ku Leicester unkakumana pamwamba pa sitolo yogulitsa makapeti ku Highfields. Masiku amenewo tinkadzaza, ochedwa mpaka ankaimirira pamasitepe. Malamulo ake anali omwe aja a kumudzi, anangokwera nafe ndege. Mkazi asalowe wopanda duku, asaboole makutu, asadzole zofiira pamilomo, ndipo koposa zonse asavale buluku. Wailesi ya kanema abusa ankaitcha bokosi la Satana. Musaganize kuti tinkachita zachiphamaso. Tinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti dziko lino lawola, ndipo otsala oyera ndi ife a pamwamba pa makapeti.

Vuto linali loti pafupifupi mayi aliyense mumpingomo ankagwira ntchito yosamalira okalamba kapena ya unamwino, ndipo yunifolomu yake ndi malaya ndi buluku. Sungatembenuze nkhalamba pabedi, kuisambitsa, n'kugwada kuiveka nsapato uli m'siketi yokolopa pansi. Abwana sakanalola n'komwe. Ndiye amayi anapeza nzeru yawo. Woweruka ntchito Lamulungu m'mawa ankayenda ndi siketi ndi duku m'jumbo. Akatsika basi ankakhotera kuseri kwa sitolo, kumene kunali mabini, n'kupinda miyendo ya buluku mpaka m'mawondo, n'kuvala siketi pamwamba. M'nyengo yozizira buluku wamkatiyo ankathandiza ndithu. Aliyense ankadziwa. Ngakhale mayi busa ndinawaona ndi maso angawa atatsamira khoma, mwendo umodzi uli m'mwamba, akupinda wawo. Tinapatsana moni ngati palibe chikuchitika, poti anyani sasekana zikundu.

Achemwali anga ndiwo ankayambitsa nyimbo. Anali amasiye, ana awo atatsala kumudzi ndi mayi athu, ndipo kupatula ntchito chimene anali nacho kuno ndi mpingo basi. Mawu awo anali aakulu, osafuna chinkuzamawu. Akayambitsa nyimbo ankatsinzina n'kumaponda pansi, mwini sitolo mpaka ankagogoda denga ndi ndodo ya tsache.

Lamulungu lina la Mgonero, atachokera ku ntchito, anaponda choncho kutsogolo kwa mpingo, mwendo umodzi wa buluku n'kumasuka. Unatsetsereka mpaka pansapato, wabuluu, woonekera kwa aliyense. Iwo sanadziwe, anali chitsinzinire. Nyimbo inayamba kuzilala kuchokera kumbali ya azibambo. Atatsegula maso anapeza akuimba okha.

"Mayi, n'chiyani chimenecho?" anafunsa abusa.

"Ndi yunifolomu, abusa. Ndachokera ku shifiti, sindinapeze mpata wokachenja kunyumba."

Abusa anawerenga vesi loletsa mkazi kuvala zovala za amuna, n'kugamula pomwepo. Achemwali azikhala pabenchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Asadye Mgonero, asaimbe kutsogolo, kufikira atasiya ntchito yovala buluku ndipo iwo abusa atawamasula pamaso pa mpingo. Ine ndinatembenuka kuyang'ana amayi anzathu. Onse anali ataweramitsa mitu, aliyense atapanikiza mawondo ake kuopa kuti wake angatsikenso. Mayi busa anali kuyang'ana m'buku la nyimbo. Palibe anatsokomola n'komwe.

Pamasitepe potuluka ndinawayankhula mayi busa mawu amene sindingalembe pano, ndipo mumpingomo sindinapondemonso. Achemwali ndinawachonderera kuti tichokere limodzi. Mipingo ku Highfields ili mbwee, msewu uliwonse. Anakana.

"Iwe, usandichimwitse kawiri," anatero. "Ine ndinagwidwa. Za ena adziwa ndi Mulungu."

Ntchito sakanasiya, ana kumudzi akanadya chiyani? Choncho anakhala pabenchi ija zaka ndi zaka, pomwe mphepo yapamasitepe inkalowera. Mbale ya Mgonero inkafika pamzere wa kutsogolo kwawo n'kubwerera. Munthu amene ankagwedeza denga ankangoyendetsa milomo. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindinakhululuke.

Mpingo uja sunagwe tsiku limodzi, unangophwa pang'onopang'ono ngati tayala la njinga. Ana obadwira kuno atakula anayamba kufunsa chifukwa cha lamulo lililonse, ndipo ankafunsa m'Chingerezi, pamaso pa akulu. Yankho loti "abusa atero" silinawakhutitse. Atapita ku koleji sanabwerere. Makolo awo nawonso anayamba kuzemba, banja ili lapita kumpingo wa magitala, ili lasamukira ku Nottingham, ili likungogona Lamulungu. Lendi ya pamwamba pa makapeti inawakanika, anasamukira m'kachipinda ka holo ina ku Beaumont Leys, kamene masana ake ana amachitiramo maphwando. Nthawi ya mliri abusa anayamba kulalikira pa foni, bokosi la Satana lija litalowa m'thumba mwawo. Kenako malamulo anayamba kuthothoka. Ndolo zinalowa. Maduku anachepa. Palibe tsiku limene munthu anaimirira n'kunena kuti abale, paja tinkati chakuti ndi tchimo, tasintha maganizo. Ankangosiya mwakachetechete, ngati munthu amene wataya zinyalala pakhomo pa mnzake.

Achemwali zambiri mwa izi sanazione. Mliri usanafike anadwala sitiroko, dzanja lamanzere ndi mwendo zinafooka, ndipo ndinawatenga kudzakhala nane ku Wigston. Anthu a mpingo anabwera kudzawaona poyamba, kenako zii. Chimene chinkawadya sichinali dzanjalo. Ankaopa kufa ali kunja kwa Mgonero. Ndinayesa kuwauza kuti Mulungu alibe nazo ntchito za telala, ndinawabweretsera abusa ena kunyumba, koma iwo anakana mkate wawo mwaulemu. Anati amene anawamanga ndi abusa aja, omasula akhale omwewo.

Chaka chatha, thupi litayamba kutsika, anandiitana kuchipinda kwawo.

"Ntchito ya buluku ndinasiya kalekale. Undiperekeze akandimasule."

"Achemwali, anthu aja anasintha. Mukangodzivutitsa."

"Mlandu suwola. Undiperekeze."

Ndinawasambitsa, ndinawaveka siketi yaitali, ndinawamanga duku loyera monga amafunira, lophimba makutu. Ine ndinavala buluku dala. Ndinawakweza m'galimoto, njinga yawo ya olumala ndinaipinda kumbuyo, ulendo wa ku Beaumont Leys.

Tinapeza anthu osadzaza ngakhale mizere iwiri. Pakhoma panali patatsalira mabaluni a phwando la dzulo lake. Amene ankayambitsa nyimbo anali mwana wa abusa, mtsikana amene achemwali ankamubereka kumbuyo ali khanda, atavala jinzi yothina, ndolo zikulendewera mpaka m'mapewa. Foni inali itaimikidwa pakamtengo kake, ikujambula mapemphero. Ine ndinayang'ana nkhope ya achemwali. Anayang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti ndiwaimike kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Mayi busa anatithamangira manja ali m'mwamba. Nawonso anali m'buluku wakuda, wosapinda.

"Ayi ayi, amayi athu! Takusowani bwanji! Bwerani kutsogolo, kumbuyo kuno mukutaniko?"

"Sanandimasule," anatero achemwali.

Mayi busa anaseka pang'ono, n'kundiyang'ana ine ngati ndiwamasulire. Sindinawathandize.

Mapemphero atatha abusa anabwera. Anali atakalamba, imvi zili mbuu, ndipo ndikanawamvera chisoni akanakhala munthu wina. Anagwira dzanja la achemwali, labwinolo. Achemwali anayankhula pang'onopang'ono, poti lilime limawalemera. Anati abwera kudzapempha kuti awamasule pamaso pa mpingo monga anawamangira, kuti adye Mgonero asanamwalire.

Abusa anakwinya chipumi. Ndinaona ndi maso anga kuti akufufuza m'mutu. Anali ataiwala.

"Nkhani ya buluku, abusa," ndinatero ine. "Pamwamba pa makapeti. Munawaika pabenchi yakumbuyo."

"Ooh! Zija?" Anaseka, kuseka kwa munthu amene wakumbutsidwa za ubwana. "Aa mayi, zimene zija tinazisiya kale. Tinali tisanagrowe mu chisomo. Nthawi imeneyo tinali sitirikiti kwambiri. Palibe mlandu apa, panalibenso mlandu. Mgonero ndi sabata ya mawa, mungobwera, aliyense ndi wolandiridwa."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti anthu asanabalalike aimirire anene mawu amenewo mokweza. Anawachititsa manyazi pagulu, awayeretse pagulu. Abusa anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana foni ija imene inali ikujambulabe. Anati zoterezi zingasokoneze achinyamata ochepa amene atsala, komanso a holo akufuna chipinda chawo, kuli phwando masana. Anati adzatiimbira foni. Ana anali atayamba kale kusanja mipando.

Sindikudandaula kuti malamulo aja anatha. Anayenera kutha, mwinanso anachedwa. Chimene chimandipsetsa mtima n'choti amene anawapanga anangowavula ngati jekete kukatentha, koma amene anapsa nawo palibe anabwerera kudzawapepesa. Ndamva anthu akuti mipingo yolimba malamulo ikutha, ena akunena mokondwa, ena molira. Palibe ndamumva akufunsa za anthu amene anatsala pabenchi.

Tinakwera galimoto n'kudutsa pakati pa tauni. Kenako achemwali, ndi dzanja lawo limodzi lija, anayamba kulimbana ndi mfundo ya duku. Ndinafuna kuima kuti ndiwathandize, anapukusa mutu. Analimbana nayo mpaka inamasuka, n'kuika dukulo pamiyendo.

"Akuti panalibe mlandu," anatero.

"Ndamva, achemwali."

"Akanati unalipo koma akhululuka, ndikanamvetsa. Nanga zaka zonse zija ndinkakhalira chiyani pamphepo?"

Sabata yotsatira ndinawafunsa ngati ndiwakonzekeretse za ku Mgonero, anati ayi, kunja kukuzizira. Abusa sanatiimbire foni. Anabwera pamaliro a achemwali, miyezi ingapo pambuyo pake, ndipo anapempha mpata woti anenepo mawu awiri za mayi amene mawu awo ankagwedeza denga. Ndinawaonetsa mpando wakumbuyo, pafupi ndi chitseko.