Uta wa Kumanzere

Amuna anga anabwera kuchokera kuntchito tsiku lina n'kunena kuti akufuna uta. Ndinayesa nthabwala. Tinkakhala ku South Bend nthawi imeneyo, iwo akugwira ntchito mu labu ya chipatala, ndipo anzawo awiri achizungu ankapita kutchire chaka chilichonse masamba akayamba kufiira, kukasaka agwape. Pa nkhomaliro, anthuwo akukamba za ulenje, bambo akwathu analephera kuugwira mtima. Anawauza kuti kwawo ku Ntcheu iwo anali mlenje wodziwika. Anzawowo anakondwa, n'kuwaitana kuti chaka chimenecho apitire limodzi.

Ulenje wawowo ine ndimaudziwa. Unali wa mbewa, ndi khasu, m'munda mwa amalume awo. Koma ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo mlomo wawo unali utawapeza. Kubwerera m'mbuyo kukanawasandutsa wabodza pamaso pa anthu amene ankaonana nawo tsiku ndi tsiku, ndipo zimenezi zinkawasowetsa mtendere kwenikweni.

Mashopu a mauta analipo pafupi, koma iwo anati tikagule ku Indianapolis, ati kumeneko n'kotchipa. Chifukwa chenicheni n'chakuti ku South Bend Amalawi tinalipo ambiri, ndipo ukayetsemula pakati pa sabata, kutchalitchi amakupepesa chimfine. Tinakagona kwa mng'ono wanga ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, m'mawa n'kupita ku shopu ina cha ku Speedway.

Mauta ake sanali amene ndinkawadziwa. Anali achitsulo, okhala ndi timawilo kunsonga zonse ziwiri, zingwe zitapingasana ngati mawaya a mabuleki a njinga. Wogulitsa, mkulu wina wa ndevu zotuwa, anafotokoza kuti chifukwa cha timawiloto, ukakoka chingwe mpaka kumapeto uta umapepuka, ndiye umalozetsa modekha. Bambo ankangogwedeza mutu, kusonyeza kuti zonsezi ankazidziwa kalekale. Anasankha uta wolimba kuposa ena onse. Anaukoka, misempha ya m'khosi inatuluka, chingwe chinangosuntha pang'ono. Anati m'manja munali thukuta. Wogulitsayo anavomera kuti kunja kunalidi kotentha, n'kuwapatsa wina wofewerapo.

Kuseri kwa shopuyo kunali chipinda chachitali choyeseramo, chandamale chili kumapeto. Mivi ya bambo yonse inkathawira mbali imodzi, wina mpaka unakabaya khoma. Ndinaluma mlomo mpaka kumva kuwawa, chifukwa kuseka mwamuna wako pamaso pa mlendo si bwino, ngakhale akuchita kuziputa yekha.

Wogulitsayo anawauza kuti aike uta pansi, atambasule manja n'kusiya kabowo pakati pa zikhatho, ayang'ane chandamale kudzera pamenepo, kenako abweretse manjawo kumaso pang'onopang'ono. Kabowoko kanakafika pa diso lakumanzere. Anabwereza, zomwezo. Mkuluyo anati diso limenelo ndi limene limatsogolera, n'chifukwa chake mivi inkasochera, ndipo anafunsa ngati anabadwa amanzere.

Bambo anakanitsitsa. Anati amalemba ndi dzanja lamanja, amadya ndi lamanja, amapereka moni ndi lamanja, monga munthu woleredwa bwino. Kwa mzunguyo inali nkhani ya zida basi, koma kwathu kumufunsa munthu wamkulu zotere n'kufunsa ngati kwawo kunali makolo. Anatembenukira kwa ine.

"Mayi, tamuuzani munthuyu. Ine ndine wamanzere?"

"Tangoyesani uta wa kumanzere, bambo. Kuno kulibe amene akutidziwa."

Wogulitsayo ataubweretsa, bambo anaulandira monyinyirika, nkhope itakwinyika. Anaugwira ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kukoka chingwe. Muvi woyamba unalowa m'mphepete mwa kabwalo kapakati, wachiwiri unabaya pambali pa mnzakewo. Ndinadikira kuti ayambe kudzitama, ndipo mawu owabweza nawo ndinali nditakonza kale. Koma iwo ankangoyang'ana dzanja lawo.

Tinaugula. Pobwerera ku South Bend, msewu uli pakati pa minda ya chimanga chouma, anayamba kulankhula okha ndisanawafunse. Anati ali mwana, amayi awo ankawamanga dzanja lamanzere kumsana ndi kansalu nthawi ya chakudya, ndipo kusukulu aphunzitsi ankalimenya ndi lula likangogwira pensulo. Anasiya kuligwiritsa ntchito mpaka iwo eni anaiwala. Tinali titakhala m'banja zaka zonsezo, ine osadziwa. Chisoni chinandigwira, ndipo kuseka konse kumene ndinasungira m'galimoto kunathera pomwepo.

Ndinafunsa ngati anzawo a kuntchito aja akawauze kuti uta wake ndi wa kumanzere. Anati amenewo alibe nazo ntchito, akaona okha kutchire. Kenako anawonjezera mawu, munthu wamkulu wa ana ake, imvi zitayamba kale m'mutu, maso ali pamsewu.

"Koma mukamaimba foni kumudzi, amayi musawauze."