Wailesi Akalankhulira Dokotala

M'banja lililonse mumakhala munthu amene pakamwa pake sipazizira. M'banja ili munthuyo ndi Wailesi. Dzinali anam'patsa ndi alongo ake akadali kamtsikana, poti ankayamba kulankhula asanasukusule n'komwe, ndipo pomuzimitsira panalibe. Lero ndi mayi wamkulu, ali ndi kashopu kosokera zovala kuseri kwa msika: makina awiri, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi mpando umene makasitomala amakhalapo n'kumamva za abale ake onse, afune asafune.

Koma wina asayerekeze kumunyoza. Mlongo wake atamwalira, mkazi wa malemuyo n'kuyamba kudwaladwala, ndi Wailesi amene anatenga mwana wawo wamkazi n'kumulera. Mwanayo sanatengere azakhali ake ngakhale pang'ono. Ankangokhala pansi pa tebulo lodulira nsalu, kusanja zidutswa, osamveka ndi kutsokomola komwe, mpaka anthu anam'tcha Chete. Mphunzitsi akamukhazika kumbuyo kwa kalasi, Wailesi ankatulukira pasukulupo tepi yoyezera ili m'khosi, mawa lake mwana ali kutsogolo. Anyamata akamulanda cholembera, Wailesi ankadziwa khomo la makolo awo. Chete sankapempha kanthu. Akanapempha nthawi yanji, azakhali atayankha kale?

Mwana uja anakhoza, nakhozabe, mpaka anakhala dokotala. Koma udokotala wa masiku ano sutha ayi. Ukamaliza, akuti ukhalenso zaka zingapo pachipatala chachikulu pansi pa akatswiri, ndipo usankhe nthambi imodzi, kaya ya ana, kaya ya amayi oyembekezera, kaya ya opaleshoni. Wailesi anali atamusankhira kalekale. Mwana wokulira pakati pa sizasi ndi singano angapitenso kuti? Kudula ndi kusoka n'kwa m'magazi. Msika wonse unkadziwa kuti m'banjamo mukubwera dokotala wa opaleshoni.

Lamlungu lina masana Chete anabwera kudzacheza. Anatsuka mbale, anapukuta manja, kenako anati, "Azakhali, anditenga ku nthambi yogonetsa odwala akamachitidwa opaleshoni."

"Yotani?"

"Yogonetsa odwala."

"Zaka zonsezi, maso kufiira ndi mabuku, kuti ukagonetse anthu? Abusa athu amagonetsa tchalitchi chonse opanda satifiketi!"

Chete anangomwetulira. "Ndi ntchito yabwino, azakhali."

Basi, anathera pomwepo. Ndipo Wailesi, m'malo mofunsa kuti kodi mwana wanga, unafuna wekha, anamva zimene mwanayo sananene. Am'pondereza. Aona kuti n'ngofatsa, alibe bambo, mipeni apatsa ana a anthu odziwika, iye am'kankhira kumutu kwa bedi kuti azikaonerera. Zimenezo ayi, Wailesi ali moyo.

M'mawa mwake shopu sinatsegulidwe. Anavala diresi labuluu la mabatani agolide, nsapato zolira pansi, chikwama m'khwapa. Mlonda wa pachipatala anayesa kufunsa, anangotsala kukamwa yasa. Mlembi wa muofesi anati apulofesa ali otanganidwa. Wailesi anati nayenso n'ngotanganidwa, n'kukankha chitseko.

Apulofesa, mkulu wa nthambi yogonetsa odwala, anali mayi wa imvi, wamfupi, atagwira kapu ya tiyi.

"Pepani polowa chonchi, mayi," anatero Wailesi atadzikhazika yekha pampando. "Ndine azakhali ake a dokotala wanu wamng'ono uja, wosalankhula uja. Mwamuponya kogonetsa anthu. Sakufunako. Iye sangakuuzeni, n'ngwamanyazi, koma kunyumba amangolira."

Kulirako anangowonjezera, kuti nkhani ilemere.

Apulofesa anaika kapu pansi. "Sakufuna? Mwana amene wakhala akunditsatira m'chipinda cha opaleshoni ngakhale tsiku lake lopuma?"

"Ndi ulemu chabe. Tinamulera bwino."

"Mayi, malo kuno ndi ochepa. Alipo mnzake amene tinamusiya, ndipo akudikira ndi mtima wonse. Ntchito yathu siifuna munthu amene maganizo ake ali kwina, chifukwa wodwala akagona, moyo wake uli m'manja mwathu. Ngati sakufuna, ndibwino ndadziwa tisanayambe."

"Eya! Mungomusamutsira ku opaleshoni."

"Kumeneko kunadzaza kale. Akachoka kuno, adikira chaka chamawa, ndipo sindikulonjeza kuti adzapeza malo."

Wailesi anafuna kubweza mawu, koma apulofesa anali atatuma kale mlembi.

Chete analowa atavala zobiriwira za kuntchito, kachipewa kumutu, chophimba pakamwa chili lende m'khosi. Ataona diresi labuluu lija anaima pakhomo ngati waponda minga.

"Dokotala," anatero apulofesa, "ndamva kuti nthambi ino simukuifuna."

"Mwana wanga, usaope, ungonena kuti..."

Apulofesa anakweza dzanja. Chete anayang'ana azakhali ake, maso osaphethira.

"Azakhali, tatulukani kaye."

Chibadwire Wailesi anali asanatulutsidwepo m'chipinda ndi munthu aliyense. Anatuluka. Anakakhala pabenchi m'khonde, pakati pa bambo wa pulasitala kumwendo ndi mayi woyamwitsa, chikwama pamiyendo, mabatani agolide akukwera n'kutsika. Bambo wa pulasitala anam'funsa kuti akudwala chiyani. Wailesi anangoyang'anitsitsa chitseko chija.

Chitseko chitatseguka, Chete anabwera n'kuima patsogolo pake. Mawu ake anali apansipansi.

"Munandifunsa, azakhali? Malo amenewa ndinawalimbira ndekha. Munthu akamadulidwa sapuma yekha. Amene amayang'anira mpweya wake, mtima wake, magazi ake, mpaka adzuke n'kuona ana ake, ndine. Ndimaikonda ntchitoyi. Opaleshoni sindinaifunepo, munaifuna ndinu."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndikananena pati?"

Bambo wa pulasitala anatsokomola, n'kuyang'ana kudenga.

"Apulofesa akuti malo ndi anga," anapitiriza Chete, "koma akufuna amve kwa inu kuti sindinakutumeni. Akuti sangaphunzitse dokotala amene amavomera kuntchito n'kukalira kunyumba."

Wailesi anadzuka, anawongola diresi, n'kulowanso. Ulendo uno anagogoda.

"Mayi, mwanayu sananditume," anatero ali chiimire. "Zolira zija n'zanga, ndinangothirako. Iye salira. Ngakhale ali khanda sankalira, tinkachita kum'tsina kuti tione ngati ali bwino."

"Ndamva."

"Koma mukamam'patsa ntchito yambiri chifukwa choti sayankha, ine..."

"Azakhali!" anatero Chete ali pakhomo.

Malo aja sanam'lande. Anayamba maphunziro ake pamodzi ndi anzake, ngakhale miyezi yoyamba apulofesa ankamuyang'anitsitsa kuposa onse, ndipo madokotala anzake, anthu ophunzira koma opanda khalidwe, ankati Chete akalakwitsa kanthu n'kumafunsana kuti kodi tiitane azakhali? Mwana wa eni ake anapirira zonsezo chifukwa cha pakamwa pa munthu mmodzi.

Amabwerabe Lamlungu, amatsukabe mbale, azakhali ake amawakonda monga kale. Kungoti za kuntchito amawauza zitachitika. Zoti anakhoza mayeso oyamba a ukatswiri, Wailesi anazimva kwa namwino wina pamalo okwerera basi, patatha sabata. Anafika kunyumba akuphulika, n'kuimba foni.

"Iwe, ine ndizimva za mwana wanga kwa anthu a m'njira? Ukanandiuza kuti ukulemba, bwenzi nditapita kukaonana nawo oyesawo!"

"N'chifukwa chake, azakhali," anatero Chete.