Kabichi wa M'madzi Ndinamudziwa ndi Lilime

M'chigwa chathu cha Domasi madamu a nsomba ndi ambiri, ndipo lililonse lili ndi chofunda chake. Pali timasamba tobiriwira tonga mphodza, timene abakha amaphera njala. Pali tina tofiirira ngati dzimbiri. Namasupuni sasowa: phesi lake ndi lotupa, duwa lake lokongola mwachinyengo. Kakombo ambiri amamuyesa woyandama, chonsecho ali ndi chingwe chomumangirira kumatope. Ndiye pali uja ana amamutcha kabichi wa m'madzi, wa masamba aubweya osanyowa, mizu yake yolendewera ngati ndevu za tonde.

Chaka china, nyengo yotentha mvula isanagwe, alamu anga, achimwene a mkazi wanga, anadzuka n'kupeza makumba onse a m'damu lawo lakumtunda ataloza mimba kumwamba. Anali atawadyetsa madeya kuyambira ali timbewu. Mawu anayenda msanga kuposa utsi: wina wathira katupe, mankhwala aja ophera nsomba.

Kutacha, anyamata anagwira munthu m'mphepete mwa damu lawo lakumunsi, atapinda buluku, mabotolo ali m'manja. Anali kalaliki wa pakoleji, mlendo wochokera kumpoto, amene ndinkakhala naye benchi limodzi kutchalitchi. Kunyumba kwake anali ndi bokosi lagalasi losungiramo tinsomba tongoonerera, ndipo ankatola zomera zoyandama kuti tinsombato tipeze mthunzi. Anayesa kufotokoza zimenezi. Koma ndani akanamva zoti bambo wamkulu, wapamalipiro, angawete nsomba zosadya?

Pamene ndinkafika ndi ndodo yanga, anali atamugwetsa kale. Mpini wa khasu unatsika pamkono wake, ndipo ndinamva fupa likulira ngati nkhuni youma. Magalasi ake a maso anali atapondedwa m'matope. Mayi wina amene amandigulitsa tomato pa Songani, munthu waulemu wake, ankamumenya kumsana ndi chikuni monga akupuntha mpunga. Wina anali atathamangira kumsewu kukatenga tayala ndi petulo.

Alamu anga analamula kuti ngati za m'mabotolo si poizoni, mwini wake azidye. Anamukanula pakamwa ndi kamtengo. Timasamba ta abakha anatimeza pamodzi ndi magazi ake, palibe chinachitika. Kenaka anamukankhira kabichi uja. Posakhalitsa anayamba kukanda lilime ndi dzanja lotsalalo, dovu likuchucha, milomo ikutupa tikuona. Khamu linakuwa kuti mankhwala agwira mwini. Theka la njerwa linamupeza padiso.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinalowa pakati, n'kuima munthuyo ali kumapazi kwanga. Ndinawauza alamu anga kuti chomeracho chimayabwa ngati koko wosapsa, ndipo sichisankha pakamwa pa wolakwa kapena pa wosalakwa.

"Alamu, sukulu yanu ya amishoni ikathere kutchalitchi," anandiyankha. "Nsomba zanga zafa, inu mukundiwerengera masamba?"

Mnyamata wina wamatama anafunsa mokweza kuti madalawa awadyetsa chiyani akumpoto. Ndodo anandilanda, ndipo chikuni cha mayi uja, chimene sichinkalunjika ine, chinandipeza paphewa. Ndinagwada, koma sindinachokepo.

"Zulani nokha," ndinawauza alamuwo, "kutsidya uko kumene iye sanapondeko, kumene nsomba zanu zikusewera pansi pa masamba. Mundipatse ndi dzanja lanu."

Alamu anga anazungulira mpaka kutsidya kuja. Kenaka analowa m'madzi mpaka m'chiuno, n'kubwera ndi kabichi wamkulu, mizu ikudontha.

"Mukafa, mlongo wanga ndikamuuza kuti munachita kupempha."

Ndinatafuna. Poyamba zinangokoma matope. Kenaka m'kamwa monse munadzaza singano, kukhosi kukuyaka ngati ndameza khala. Misozi inatsika, dovu linanyowetsa malaya amene mkazi wanga anasita m'mawa womwewo, milomo inalemera ngati si yanga. Kulankhula sindinathenso. Ndinangoloza pakamwa panga, n'kuloza pa kalaliki uja.

Mnyamata wamatama uja anati nkhalamba zimadziwa kunamizira. Anathyola tsamba lake m'damu, n'kulitafuna akuyang'ana atsikana. Analavula, n'kutukwana mawu amene sindingawalembe, akupala lilime ndi malaya. Wina anaseka, koma kusekako kunafa msanga, chifukwa maso onse anabwerera kwa munthu amene anali gone m'matope, akupuma movutikira. Miyala inayamba kugwa m'manja mwakachetechete. Mayi uja anaponya chikuni chake muudzu, n'kukonza chitenje, ulendo.

Wa tayala anafika ali wefuwefu, n'kupeza anthu akumwazikana. Alamu anga anamuuza kuti abweze kumene watenga. Ndiwo amene ananyamula kalalikiyo, n'kumukhazika panjinga yawo, wina akumugwirizira kumbuyo, mpaka kumsewu kumene anaimitsa minibasi yopita ku Zomba. Chimene chinapha makumba aja sitinachidziwe.

Munthuyo anakhala ndi moyo. Mkono unalunzika mokhota, diso lamanzere silinapenyenso. Nditapita kukamuzonda kuchipatala, anandigwira dzanja, n'kundipempha kuti ndisadzabwerenso, pakuti nkhope ya munthu aliyense wa m'chigwa chathu inkamubwezera kudamu kuja. Ndinamvera.