Mbendera ya pa Kabasi ka a Gausi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinadana koyamba ndi munthu wamkulu, ndipo munthuyo anali a Gausi. Bambo anga, kalaliki wa m'boma, anali atangowasamutsa kuchoka ku Dowa kupita ku Mzimba, moti Chitumbuka sindinkachimva n'komwe. A Gausi ankakhala kuseri kwa msika. Anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri, n'kubwerako ndi luso lopanga timabasi ta matabwa ndi malata, totalika ngati mkono, tokhala ndi mawindo ndi mipando yomwe. Koma pofika nthawi imeneyo maso awo anali atachita ng'ala, manja akunjenjemera.

Chaka chimenecho kunamveka kuti kubwera mkulu wina wa chipani, ndipo sukulu yathu inaganiza zomupatsa kabasi ngati mphatso. Kupala matabwa ndi kupaka penti a Gausi ankatha mongopapasa. Chimene chinkawakanika ndi kumata tizithunzi tija timene umaviika m'madzi, tikachoka papepala n'kukakamira pa penti. Aphunzitsi aakulu anasankha ine kuti ndikathandize, ati ndinkalemba mwaukhondo. Ndinapita ndikudzimva, koma kudzimvako kunatha tsiku lomwelo.

M'shedi mwawo munkanunkha vanishi ndi fodya. Moni wanga sanayankhe.

"Ndiwe mwana wa kalaliki? Ana a boma inu manja anu ndi odyera basi," anatero.

Anandiphunzitsira pa zidutswa za malata, ndi timanambala takale ta ku Joni. Penti ikhale yosalala, yopanda fumbi. Madzi akhale ofunda, osati otentha. Ukaviika kapepala udikire mpaka chithunzi chiyambe kutsetsereka chokha, ndipo uchikankhire pamalo pake ndi nthenga ya nkhuku. Kenako ufinye madzi ndi mpweya ndi kansalu kofewa, kuyambira pakati kupita m'mbali. Ndikamaliza, iwo ankayendetsapo chala chachikulu. Akangomva katuza kapena mphepete yatukuka, rula inkatera pa zala zanga.

"Yayi! Chomata chisadziwike kuti n'chomata. Chioneke ngati penti."

Rula ndikanapirira. Koma tsiku lina anzanga a m'kalasi atabwera kudzasuzumira, a Gausi anakweza chidutswa changa m'mwamba n'kunena mawu m'Chitumbuka, ana onse n'kufa nazo nseko. Kusukulu ndi kumene anandimasulira: ati nkhuku ikanamata bwino ndi zipalapaso zake. Kuyambira pamenepo dzina langa linali Nyankhuku. Ndinawada mkuluyo ndi mtima wanga wonse, ndipo sindibisa.

Chomaliza kumata chinali kambendera ka dziko lathu, kamodzi kokha, kamene aphunzitsi aakulu anachita kukagula ku Blantyre. Tinali awiri m'shedimo. Kambenderako kali kuyandama m'kambale, ndinayang'ana maso oyera a a Gausi, maganizo oipa n'kundibwerera. Ndinakatembenuza. Chobiriwira chinapita pamwamba, chakuda pansi, dzuwa lija n'kuzondoka. Ndinakamata mosamala kuposa china chilichonse chimene ndinamatapo, osasiya katuza ngakhale kamodzi. Mumtima ndinkati nawonso awaseke pagulu, amve mmene zimawawira.

Anayendetsapo chala katatu, pang'onopang'ono.

"Mbwenu. Apa wakhoza chomene," anatero.

Kataumitsitsa anapakapo vanishi, ndipo tsiku la mwambo anakulunga kabasiko m'nsalu yoyera ndi manja awo.

Pabwalo panali fumbi, ng'oma ndi amayi ovina. Aphunzitsi aakulu anavundukula mphatsoyo pamaso pa mlendo, ine ndili m'mzere wa ana, kudikira phwete. Palibe anaseka. Mkulu wa chipaniyo anayang'anitsitsa, kenako anakanda pambenderapo ndi chikhadabo.

"Bwana, n'chomata chabe, chazondoka mwangozi," anatero aphunzitsi aakulu.

"Chomata? Nanga mphepete yake ili kuti? Iyi ndi penti. Munthu anachita kukhala pansi n'kujambula dzuwa lathu likulowa. Ndani?"

Aphunzitsi aakulu anandiponyera diso kamodzi n'kuwerama. Ndipo a Gausi anadzuka pabenchi, atagwira ndodo yawo.

"Ndine," anatero.

Anyamata a chipani ovala malaya ofiira anawakoka pomwepo, ndodo ija n'kutsala pansi. Kwathu sindinauze munthu. Ndinkangodya ngati ndikutafuna mchenga, mayi n'kumaganiza kuti ndi malungo.

A Gausi anabwerako kundende mvula itatha, ataonda, dzanja lamanja silikufumbata. Ndinazungulira msika masiku atatu ndisanalimbe mtima kufika pashedi paja. Ndinawapeza atakhala padzuwa, zipangizo zitachita dzimbiri. Ndinagwada, koma ndisanatsegule pakamwa anayamba ndi iwo.

"Mapazi ako ndikuwadziwa. Ukuganiza ndinakubisa chifukwa chokukonda? Yayi. Ndikanakutchula, akanatenga bambo ako, mbwenu nyumba yonse kugona ndi njala chifukwa cha kamwana kopusa. Choka pano, ndipo usadzabwerenso."

Ndinachoka, ndipo sindinabwererenso. Chaka chotsatira bambo anawasamutsira kwina. Za imfa ya a Gausi ndinadzamva ndili kale pabanja.

Lero ndine gogo, ndipo sindinganame kuti a Gausi anali munthu wokoma mtima. Anali wankhanza, wapakamwa, ndipo zala zanga zimakumbukirabe rula ija. Koma chimene sindinkachiona ndili mwana ndi ichi: munthu wosaona uja, ndi chidani chake chonsecho, anabwereka maso anga n'kuwakhulupirira osafunsa. Ine ndinatenga luso limene anandipatsa n'kuwatchera nalo msampha. Ndikanamata mwauve, aliyense akanaona kuti ndi ntchito ya mwana, mwina nkhani ikanathera pa mbama. Ndinamata monga anandiphunzitsira, mpaka chinaoneka ngati penti, ndipo mlandu wonse unagwera iwo.

Pa milungu yonse ija a Gausi anandiyamikira kamodzi kokha, chala chawo chili pa mbendera imene inawamangitsa.